BP Yatsika

Lolemba, 2 Juni

Achimwene,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine ndili bwino, kungoti miyendo yatupa ndi kuimirira. Wodi yathu ya odwala mtima yadzaza moti ena tikuwagoneka m'khonde. Nanga bambo ali bwanji? Musandiyankhe kuti "ali bwino" basi monga mwa chizolowezi chanu, ndikufuna nkhani yeniyeni. Foni yanu ndaimba mpaka chala kupweteka. Woyendetsa basi wandiuza kuti chitsulo cha netiweki chija chinagwa ndi mphepo sanachidzutsebe, ndiye tibwerere ku makalata ngati anthu akale.

M'katoni umu muli makina oyezera BP. Lamba wake mumange pamwamba pa chigongono, pakhungu, osati pamwamba pa jekete lawo lija. Mudine batani, ndipo bambo asalankhule mpaka makina atamaliza. Ndikudziwa kuti pamenepo ndapempha chozizwitsa. Patuluka manambala atatu: yapamwamba, yapansi, ndi ya kugunda kwa mtima. Muzilemba m'kope m'mawa ndi madzulo.

Mdani wathu ndi nambala yapamwambayo. Itsike, achimwene, itsike. Mwezi watha nditabwera ndinapeza ili 190, inu mukuseka kuti bambo, a Nyundo, ndi chitsulo, sangagwe. Mapiritsi awiri oyera aja amwe m'mawa uliwonse, osadumphitsa ngakhale tsiku limodzi, kaya akukana, kaya akutukwana. Amayi tinawataya chifukwa cha ulesi womwewu wa mapiritsi, ndipo ine sindikufuna kudzaimanso pamanda ndikudziluma chala. Alamu achepetse mchere.

Mundiyankhe pa basi yomweyi.

Ndine mlongo wanu.

Lachitatu, 11 Juni

Adokotala,

Moni kumeneko. Kuno tonse tilipo. Ndachedwa kuyankha chifukwa ndili ndi zitseko khumi ndi ziwiri za sukulu yatsopano ija, ndipo manja ndili nawo awiri okha. Ukandiuze ngati miyendo yako yaphwa, ndiponso ngati kuntchito kwanu amakulola kulamula anthu monga umatilamulira ife.

Makina ako tawalandira. Bambo akuti ndi kazitape wako, wabwera kudzawanenera. Tsiku loyamba anandimenya dzanja, lachiwiri anabisa mabatire m'thumba la misomali. Koma ndikuyeza ndithu, ndipo kope lilipo: 182, 178, 185, 176. Sikutsika. Mapiritsi ndimawaimirira mpaka atameza, kenako ndimati ayasamule ndione. Munthu wa ndevu zanga kumasuzumira m'kamwa mwa bambo anga ngati ndikugula mbuzi! Ukadzabwera udzandithokoze.

Pakamwa pokha sipanatope. Amakhala pa kampando kawo pakhomo la shedi kuyambira m'mawa, chilichonse chimene ndagwira n'cholakwa. Thabwa ndadula mokhota, guluu ndawononga, chitseko changa ngakhale nkhuku ikhoza kuchikankha. Anthu sanalakwe kuwatcha a Nyundo.

Unati ukufuna nkhani yeniyeni, ndiye nayi. Dzulo ananditsomphola sowo kuti andionetse kudula kwa amisiri enieni. Sanakoke kasanu. Anangokhala pansi atagwira pachifuwa, thukuta lili kamukamu, kenako anasanza. Amati dzanja lamanzere lachita dzanzi mpaka m'nsagwada. Ine mtima unali m'mwamba, ndinati tipite kuchipatala, koma anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Akuti n'chilungulira, alamu ako anawapatsa nyemba zosapsa. Alamu akowo anangowasungunulira soda m'madzi. Patapita maola awiri ululu unachepa.

Lero akungoti atopa, sanabwere ku shedi. Ndagwira ntchito tsiku lonse popanda wondinyoza, ndipo ndikuuze zoona, sizinandikomere.

Ndine mlongo wako.

Lachinayi, 12 Juni

Adokotala,

Moni. Basi sinabwere lero, akuti yafera panjira, ndiye kalata ya dzulo ndikadali nayo. Zipita zonse ziwiri mawa. Uyambe kuwerenga inoyi, chifukwa muli uthenga woti uvine.

BP yatsika! M'mawa inali 112. Ndinati makina apenga, ndinasintha mabatire, ndinayezanso: 110. Madzulo ano yafika 88, yapansi 68. Zaka zitatu tikulimbana nayo, lero yagonja. Nambala yachitatu ija yakwera, ili 121, koma imeneyo sunatiuze kuti ndi mdani, ndiye sindikuiwerengera. Ndinaitana ana kuti adzaone, anaomba m'manja kuzungulira mpando wa agogo awo. Ine ndinavina pang'ono, ndisabise.

Si nambala yokha ayi. Ukudziwa mmene mutu wawo unkatenthera BP ikakwera. Lero thupi lonse lazizira, manja ali ziziri ngati a munthu wochokera kochapa. Kudzukadzuka kuja kokataya madzi kwatha, ndowa yawo alamu ako aipeza pafupifupi youma. Akugona kwambiri, zomwe unkafuna. Kungoti akugonera pampando, akuti akagona chagada akubanika, koma ukudziwa bambo ako, sangalephere kupeza chodandaula.

Chodabwitsa kwambiri n'chakuti afatsa. Tsiku lonse sanatukwane munthu. Masana anandiitana ndi dzina la amalume, kenako anandigwira dzanja n'kunena kuti "mwana wanga". Ine? Kuyambira ndili mwana wa kabudula sindinamvepo mawu amenewo. Kani ukali wonse uja inali BP!

Alamu ako okha ndi amene sakusangalala. Akungozungulira, kuwagwira mapazi, kupukusa mutu. Ndawauza kuti nkhani za manambala azisiyire ife amene tinapita patali ndi sukulu.

Mawa m'mamawa ndikukapereka zitseko kuseri kwa mapiri, ndibwerako madzulo. Mapiritsi ndiwamwetsa ndisananyamuke, usade nkhawa. Khazika mtima pansi, mlongo wanga. Wa bambo wakhala kale pansi.

Ndine mlongo wako.

Lachisanu, 13 Juni, 12 koloko

Achimwene,

Moni ndilibe. Makalata anu onse awiri mlonda wapachipata wandipatsa pompano, ndawerenga ndili chiimire. Mayo ine, achimwene! Musawapatsenso mapiritsi. Ndikubwereza: MUSAWAPATSE.

Lachiwiri lija sichinali chilungulira. Mtsempha wodyetsa mtima unatsekeka, ndipo mbali ina ya mtima yavulala. BP sinatsike chifukwa achira, yatsika chifukwa mtima ukulephera kupopa magazi. Kuntchito kuno timati shoko ya mtima, ndipo imapha anthu ambiri amene yawagwira, ngakhale ali m'manja mwathu. Zonse zimene mwandilembera ngati nkhani yabwino ndi zimene zimatithamangitsa m'wodi muno. Manja azizira chifukwa magazi sakufikako. Ndowa yauma chifukwa impso zaima. Kusokoneza mayina ndi kugonagona kuja, ndiye kuti ubongo ukuperewera magazi. Akubanika chagada chifukwa madzi akubwerera m'mapapo. Nambala yachitatu yakwera chifukwa mtima wofooka ukuthamanga kuti ulipire zimene ukulephera.

Pezani galimoto iliyonse, ya makala, ya nkhumba, iliyonse. Muwanyamule atakhala tsonga, musawagoneke. Musawamwetse madzi ambiri. Pachipatala chaching'ono mukanene mawu awa pakhomo pomwe: anamva ululu pachifuwa Lachiwiri, BP yawo imakhala 180, lero ili pansi pa 90, ndipo sakukodza. Akafuna kuwathira diripi yothamanga, muwapemphe ayambe amvetsera mapapo. Munthu amene BP yatsika chifukwa chotsegula m'mimba amafuna madzi, koma bambo madzi akhoza kuwamiza. Mutenge kope lija ndi mapiritsi onse.

Kalatayi ndapatsira woyendetsa lole ya simenti amene akunyamuka pompano. Ine ndikuthamangira kwa akuluakulu kukapempha ambulansi. Akandikaniza ndibwera ndi china chilichonse.

Kodi mwapitadi ku zitseko? Mulungu wanga, kodi kunyumbako kuli ndani?

Mlongo wanu.

Lachisanu masana

Bambo a ana,

Pepalali ndasiya pansi pa chitseko kuti mukafika musadabwe. Makiyi ali kwa aneba, ana alinso komweko, adya. Ine ndawatenga bambo, tapita kuchipatala. Mwini chigayo wavomera kutinyamula pa galimoto yake.

Ndikudziwa munati ndisawasokoneze, agone. Ndinayesetsa kumvera mpaka dzuwa kufika pamutu. Koma kenako ndinapita kukawasintha malaya, ndinapeza anyowa ndi thukuta lozizira. Milomo yachita mbuu. M'mawondo mwatuluka mabanga akuda ngati munthu wamenyedwa. Ndinasindikiza chikhadabo chawo, chinayera, ndinadikira kuti magazi abwerere, sanabwerere msanga. Pachifuwa pakumveka ngati madzi akuwira m'ketulo. Ndowa ilibe ngakhale dontho kuyambira dzulo.

Makina anu ndinawayesa monga ndimakuonerani. Analemba 74. Ndinayesanso, anangofufuma n'kuphwa, osalemba nambala. Ndinawaitana katatu, anatsegula maso koma sanandidziwe.

Ine sukulu ndinalekeza panjira, zimenezo mumandikumbutsa. Manambala sindingatsutsane nanu. Koma ndinadwazikapo azakhali anga mpaka kumapeto, ndipo kuzizira uku ndikukudziwa. Si kuzizira kwa munthu amene malungo amusiya.

Ngati ndalakwa mukandikalipire kuchipatala komweko. Kope ndi mapiritsi ndatenga. Mbuzi sindinazimasule.

Ndine mayi a ana anu.

Loweruka, 14 Juni

Mlongo wanga,

Bambo ali moyo? Undiyankhe chimenecho choyamba, zina pambuyo.

Ndinafika dzulo dzuwa litapendeka, ndikuimba mluzu, ndinawagulira ndi malalanje panjira. Ndinapeza nyumba yotseka. Pepala la alamu ako pansi pa chitseko, kalata yako kwa aneba. Ndinawerenga zonse ziwiri nditakhala pa kampando kawo. Aneba akuti unafika ndi ambulansi, unapeza atapita kale, unabwerera osatsika n'komwe. Mwini chigayo akuti mwawatengera kuchipatala chako m'tauni, ndipo potuluka anali ndi chophimba kumaso. Zoposa pamenepo palibe akudziwa. Ndayenda kupita kumsewu kasanu lero.

Pali chinthu chimene alamu ako sakudziwa, chifukwa anali kunja akusesa. Dzulo m'mamawa bambo anakana mapiritsi. Sanatukwane, anangotembenuza nkhope n'kunena motsitsa kuti "lero ayi". Ine ndinali pachangu, galimoto ya zitseko ikulira panja. Ndinawagwira chibwano, ndinawaika onse awiri pa lilime, ndinathira madzi. Anatsamwa, koma anameza. Ndinawasisita pamsana n'kunena kuti mwachita bwino, Adokotala akondwa.

Unalemba kuti MUSAWAPATSE. Pamene unkalemba, anali atasungunuka kale m'mimba.

Basi ya lero ndinafika mpaka pakhomo pake, phazi limodzi m'kati, ndinatsikanso. Ndikawayang'ana bwanji? Alamu ako ndikawayang'ana bwanji? Ndinaitana ana anga kuti aombere m'manja agogo awo akufa. Ngati apita, undiuze osazungulira kuti ndawapha ndine. Iwe umadziwa zimenezi, usandinamize.

Ndine mlongo wako.

Lolemba, 16 Juni

Achimwene,

Ali moyo. Ndikulemba nditatsamira pa tebulo la m'chipinda cha odwala mwakayakaya, ndikuwaona kudzera pagalasi. Sanachoke pangozi, sindikunamizani, koma ali moyo. Ana ali bwanji? Ndani akuwaphikira?

Ndinawapeza pachipatala chaching'ono chija. Dokotala wa pamenepo ataona BP ya 70 anali atapachika kale diripi, monga aliyense angachitire. Alamu ndi amene anamugwira mkono n'kumuuza za Lachiwiri, za kugonera pampando, za ndowa youma, n'kumuonetsa kope lanu. Munthuyo ndi womva. Anamvetsera kumsana, anaona mitsempha ya m'khosi itatupa, anatseka diripi nthawi yomweyo. Anawapatsa mpweya, anajambula kagundidwe ka mtima papepala, ndipo pepalalo linanena zonse. Ine pofika ndinangowanyamula. Ulendo wonse chala changa chinali pakhosi pawo, chifukwa pamkono sipankamveka kanthu.

Kuno anzanga anatilandira pakhomo. Anandikankhira kunja, akuti lero ndiwe mwana wa wodwala, si namwino. Anawaika mankhwala awiri odontha usana ndi usiku kudzera mu mtsempha waukulu wa m'khosi, ena olimbitsa kapopedwe ka mtima, ena okweza BP. Mwamva? Okweza. Anawaunika mtima pa kanema, ndinaona ndekha mbali yakutsogolo ili phee, osagwedezeka. Tsiku lomwelo analowetsa kachubu kuchokera pa ntchafu mpaka kumtima, anatsegula mtsempha wotsekekawo. Akanatsegula Lachiwiri bwenzi nyama yambiri ya mtima itapulumuka, koma zimenezo zapita.

Loweruka lonse panalibe kusintha. Dzulo masana impso zinadzuka, ndipo alamu ataona thumba la mkodzo likudzaza anagwada pansi n'kuyamba kupemphera mokweza mpaka asisitala anawatulutsa. Lero BP ili 98, mapazi afunda mpaka m'akakolo, mankhwala ayamba kuwachepetsa pang'onopang'ono.

Tsopano funso lanu. Mapiritsi a Lachisanu anawonjezera vuto, inde. Koma amene anavulaza mtima ndi mtsempha uja, si inu. Ndipo dzanja linali lanu, koma mawu anali a ndani? Ndakumbukira mauthenga onse amene ndakulemberani zaka zitatu izi. Paliponse ndinalemba kuti itsike, itsike, osadumphitsa. Sindinalembepo ngakhale kamodzi kuti ikafika pakuti ndiye yatsikitsa, lekani, thamangani. Sindinakuuzeni kuti ululu wa pachifuwa si wodikira nawo. Ine amene ndimalemba malire amenewo pa mabedi a anthu achilendo tsiku ndi tsiku! Ndinkakuonani ngati munthu wosamva, ndiye ndinangokupatsani lamulo limodzi. Inu munamvera. Ndalira mokwanira m'chipinda chosinthira zovala, moti anzanga akundiseka maso.

Alamu sanatchule dzina lanu moipa ngakhale kamodzi. Akugona pa benchi, akukana kupita kunyumba kwanga. Bwerani, achimwene. Ana asiyeni kwa aneba. Bambo akatsegula maso amayang'ana kukhomo.

Ndine mlongo wanu.

Lachisanu, 20 Juni

Iwe,

Ndine bambo ako. Akulemba ndi mlongo wako chifukwa manja anga awabaya paliponse, koma mawu ndi anga, ndipo ndamuuza kuti akachotsa ngakhale limodzi ndidziwa. Moni. Adzukulu anga ali bwanji? Zitseko zija anazilandira, kapena anakubwezera?

Andichotsa m'chipinda cha magalasi, ndili ku wodi ya anthu wamba. Machubu a m'khosi achotsa. Chakudya chilibe mchere, anamwino ndi amwano, mlongo wako ndiye mkulu wa amwanowo. Akuti mtima wanga watsala theka, sowo ndisadzaigwirenso, masitepe ndiziwerenga. Tidzaona.

Basi yabwera kanayi chilembereni mlongo wako, iwe osaoneka. Akuti uli ndi manyazi. Manyazi ake ati? Mkazi wako wakhala pa benchi sabata yathunthu, msana wapindika, iwe uli kunyumba kudyetsa mbuzi ndi manyazi. Mkazi ameneyu ndinamunamizira nyemba, ndamupepesa pamaso pa wodi yonse. Ngati ine ndapepesa, iwe ndiwe ndani?

Za mapiritsi ndamva kuti zikukudya. Ndikukumbukira, unandigwira chibwano ngati mwana wa ng'ombe. Zala zako zinkanunkha vanishi. Sindinakwiye, ndipo lero sindikukwiya. Siya zimenezo.

Koma pali chimene sindinauze adokotala, ndipo mlongo wako akuchimva koyamba pamene akulemba pano. Lachinayi lija ine ndinkadziwa. Kuyambira m'mawa ndinkamva kuti ndikupita, ngati munthu akutsetsereka pa denga lonyowa, wopanda pogwira. Lilime linali lolemera, koma likanatha kunena kuti nditengeni. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene. Ndiye ndinakuona ukuvina ndi kope m'manja, ana akuomba m'manja. Chimwalirireni mayi ako ndinali ndisanakuone ukuseka m'nyumba muja, ndipo ndikudziwa kuti wokuletsa kuseka ndinali ine. Ndinati mwana wanga wasangalala kamodzi chifukwa cha ine, ndisamuwonongere. Ndinatseka pakamwa.

Ndiye kupusa tinagawana atatu, ine ndinatenga gawo lalikulu. Mlongo wako akulira, akudonthezera papepala, usadabwe inki ikafalikira.

Akuti anditulutsa Lachiwiri. Sindikwera basi ndi akazi okhaokha ondigwira m'khwapa, ubwere udzanditenge ndiwe. Ubweretse nsapato zanga zakuda, ndinabwera kuno wopanda nsapato.

Ndipo umve ichi, uwauzenso ana ako. Madokotala akuti zikhoza kudzachitikanso. Tsiku limene ndidzakhale phee, osatukwana, n'kumakuitana mwana wanga, usadzayang'ane makina. Udzandinyamule.

Ndine bambo ako.